Mfundo Zisanu ndi Ziwiri za Namunsi

"Kodi amake Lute, chala chanu chaching'onocho chinapita kuti?"

Anandifunsa choncho amake Filipo, anansi anga, dzana lija tili kumtsinje. Tinali titatha kuchapa, tikukwecha zidendene pamwala. Takhala moyandikana zaka zitatu kuno kwa Nchema, tapalana moto, tapemphana mchere, koma tsiku limenelo ndi pamene anayang'anitsitsa phazi langa lamanzere. Ndinaseka, n'kuwayankha kuti, "Chinatsalira panjira ya kusukulu." Iwo anati, "Aa, inu! Nenani bwino." Mwana anayamba kulira kumsana, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma funsolo lakhala likundizungulira m'mutu, ndiye ndati ndingolemba, popeza kulemba kumeneku ndinakuvutikira.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi ija anyamata a m'midzi ankatengedwa kupita kunkhondo. Amayi anga anali atamwalira ndili wamng'ono. Bambo anabwerera kwawo ku Mikolongwe n'kukakwatira kwina, ine ndinatsala m'manja mwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, amene anali ndi ana awoawo asanu. Sanali munthu woipa, izi ndinene poyambirira. Anali munthu wotopa.

Tsiku lina ankaphika phala la thobwa la anthu odzatithandiza kumanga nkhokwe. Kunali chiperoni, mvula yowaza ija yolowa mpaka m'mafupa, ndipo ine ndinakhala chofulatira moto kuti msana umveko kutentha. Fuwa limodzi linasweka, mbiya inapendama. Ululu wake sindiukumbukira. Ndimakumbukira fungo la phala likupserera pamakala, ndi mawu a amayi aakulu akukuwa dzina la amayi anga omwalira aja, osati langa.

Ananditengera kuchipatala pamachila. Ndinapsa kuyambira m'chiuno, ntchafu yonse yakumbuyo, mpaka pakatumba. Kumeneko anandimangirira mwendo kuthabwa, amati chilonda chikapola mwendo uli chopinda ndidzakwawa moyo wanga wonse. Ananena zoona, ndipo mwendowo anaupulumutsa. Koma patatha miyezi inayi, pamene anamasula thabwalo, mwendo unali utaphunzira kukhala thabwa. Bondo silinkapinda. Chipsera chinali chonyezimira, cholimba ngati chikopa cha pang'oma. Ndikati ndiwerame, chinkandigwira kumbuyo ngati munthu wandikoka nsalu, ndipo manja anga ankathera pamawondo basi.

Amene sanakhalepo wouma choncho sangadziwe kuti mkazi wa kwathu kuno amakhala moyo wake wonse chowerama. Tsache n'lalifupi. Mpini wa khasu n'waufupi. Mafuwa ali pansi, mphasa ili pansi, madzi pachitsime ali pansi. Ndipo mwana wamkazi salankhula ndi akulu ali chilili, amagwada. Ine ndinkapereka madzi kwa alendo ndili njo ngati msilikali, alendowo n'kumayang'anana. Wina wosadziwa ankafunsa kuti, "Mwana wamwanoyu ndi wa yani?" Ana anzanga anandipatsa dzina. Langa lenileni ndi Estere, koma kuyambira pamenepo ndinali Namunsi, chifukwa munsi sugwada, suwerama, umangoima pakhoma kudikira ntchito.

Koma chimene chinandigwetsa si tsache kapena alendo ayi. Ndi kanthu kakang'ono kuposa njere ya mapira: thekenya. M'nyumba za dothi masiku amenewo matekenya anali ngati eni nyumba. Mwana aliyense ankakhala pakhonde madzulo ndi munga kapena phini, n'kudzichotsa yekha asanakule, nkhani n'kutha. Phazi langa lamanja ndinkalisamala ndekha, linali loyera bwino. Lamanzere linali kutali ngati la munthu wina. Ndinkaliona, ndinkamva kuyabwa kwake, koma kulifika ayi.

Sukulu yathu inali ya mpingo, m'nyumba yomweyo imene tinkapempheramo Lamulungu. Mphunzitsi anali mmodzi, a Botomani, munthu wamfupi wa mimba yotsogola, wokonda ukhondo kuposa masamu. M'mawa uliwonse ankatifoletsa pabwalo kuti tichite zolimbitsa thupi zimene ankati dirilo. "Manja m'mwamba! Manja m'mbali! Gwira zala, mawondo osapinda!" Ana onse ankawerama pamodzi, ine ndekha n'kutsala njo pakati pawo. Lolemba ankayendera mapazi, akuloza ndi kandodo kawo.

Lolemba lina anaima pa ine.

"Estere, matekenya awa ndi ziweto zako?"

Ana anaseka.

"Bwanji suchotsa?"

"Sindifikako, aphunzitsi."

"Kugwada sugwada. Dirilo suchita. Matekenya ukugawira anzako. Pano si pachipatala, mwanawe. Pita kwanu. Tsiku limene udzagwire zala zako ndi manja ako, udzabwere."

Ananena mawuwo mmene munthu anganenere kuti udzabwere phiri la Chiradzulu likadzasamuka. Sileti yanga, imene inali yobenthuka pangodya, anaipereka kwa mwana wina ine ndikuona. Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba kulumikiza malemba kuti apange mawu. Ndinali nditawerenga ndekha mawu atatu olembedwa pathumba la mchere, ndipo ndinali nditalawa kukoma kwake. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba osalira, mwendo ndikuukoka, m'mutu muli mawu amodzi okha: ndidzabwera.

Amayi aakulu atamva sanadandaule. Anati, "Chabwino. Munsi ntchito yake n'kusinja, si sukulu." Kusinja n'kumene ndinkatha, chifukwa munthu amasinja ali chilili. Madzulo ake anatenga phini, anaika phazi langa pamiyendo pawo, nayamba kuchotsa matekenya mwachangu, pakuti ndiwo zinali pamoto. Anandibaya, ndinafuula. Iwo anati, "Tonthola! Kodi ndidzakhala ndikukuchotsa matekenya mpaka udzakwatiwe? Kapena mwamunayo ndiye adzalandire ntchitoyi?" Ana awo anaseka. Ine ndinachotsa phazi langa, n'kulumbira mumtima kuti palibenso munthu adzaligwire kufikira nditaligwira ndekha.

Kulumbira kumeneko kunali kwabwino theka, kopusa theka. Kupusako n'kumene kunayamba kubala.

M'mawa mwake, kukuzizira, mame ali mbwee, ndinapita kuseri kwa nkhokwe ndi chingwe cha khonje. Ndinakhala pansi, ndinachikola kuphazi, ndinaluma mano n'kudzikoka ndi mphamvu zanga zonse kuti ndifike tsiku lomwelo. Ndinamva kuti pwe, ngati nsalu yakale. Chipsera chinang'ambika kuseri kwa bondo, magazi n'kuyenderera mpaka kuchidendene.

Amayi aakulu anabwera akuthamanga. Sindinawaonepo atatero. Ankanditukwana uku misozi ikutsika. "Chipsera sachiputa! Wamva? Chipsera sachiputa! Ukufuna anthu anene kuti ndinakuotcha ndi phala, tsopano ndakumalizitsa? Ndikamuuza chiyani mng'ono wanga kumandako?" Chingwe chija anachiponya pamoto. Pamudzi ponse anagwirizana nawo: amene wapsa wapsa, akhale mmene Mulungu wamusiyira.

Ndinagona pamphasa milungu ingapo. Chilonda cha kuseri kwa bondo amayi aakulu ankachitsuka, koma phazi ndinkalikulunga m'nsanza, ndipo akafuna kuliona ndinkati lili bwino. Silinali bwino. Matekenya anali atamanga mudzi pachala chaching'ono. Kuyabwa kunasanduka kuwawa, kuwawa kunasanduka fungo, ndipo fungo silibisika. Pamene anamasula nsanzayo chala chinali chitada. Anandinyamulanso pamachila. Ndinabwerako ndi zala zinayi, ziwiri mwa izo zopanda zikhadabo.

Apa ndi pamene akulowa amalume a Jailosi, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali oluka malichero, ndipo Loweruka ankapita nawo kumsika wa ku Boma atawasenza pamutu mulu wautali. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa Chinyanja chopendekera ku Chilomwe, pakuti makolo athu anachita kubwera kuchokera kwa Apwitikizi. Ataona kuti ndangokhala pakhonde ngati mtolo, anati kwa amayi aakulu, "Mlongo, ndibwerekeni mwanayu azindipalira nsungwi. Manja ali nawo." Choncho tsiku lililonse ndikatha kusinja ndinkapita kukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, nditatambalitsa mwendo wanga woumawo, ndikupala nsungwi ndi kampeni.

Lichero lili ndi mkombero, chozungulira chija cha m'mphepete chimene chimagwira zonse. Tsiku lina amalume atapita kukamwa madzi, ndinatenga kansungwi kamodzi kamene anali atang'amba kuti kadzakhale mkombero, n'kuyesa kukapinda kuti ndiwadabwitse. Kanati thyo. Anabwera, anayang'ana zidutswa ziwirizo, anayang'ana ine.

"Wathyola."

"Kanali kouma, amalume."

"Zonse n'zouma. Ukuganiza kuti izi zinabadwa zozungulira?" Analoza malichero awo. "Iwe vuto lako umafuna lichero lero."

Anatenga ina imene inali itagona m'madzi kuyambira dzulo lake. Anaiwamba pamoto, akuitembenuza, kufikira itatuluka thukuta. Kenaka anaiika pabondo n'kuyamba kuipinda pang'ono, kusiya, kupinda pang'ono, kusiya, khutu atalitchera ngati akumvera nkhani. Isanafike n'pakati pomwe anaimanga ndi luzi, n'kuikoleka panthambi.

"Bwanji osamaliza?"

"Yakana. Lero yalola pamenepa. Mawa ndidzaiviikanso, ndidzaiwamba, ndidzafupikitsa luzi. Nsungwi imalankhula, mwanawe. Ikamati tsii, tsii, ndiye kuti ikukoka, gwira pomwepo udikire. Ikati thyo, wachedwa kumva."

Ndinayang'ana mwendo wanga woumawo, kampeni kali m'manja. Kenaka ndinafunsa, "Nanga mwendo?"

Sanandiyang'ane. Anati, "Ine za miyendo sindidziwa. Ndimadziwa nsungwi." Anapala, anapala, kenaka anawonjezera ngati akulankhula ndi mtengo wa mango: "Koma ukanakhala mwendo wanga, sindikanaukoka m'mawa kukuzizira ngati chitsiru."

Tsiku lomwelo ndinapala khonje, ndinapota chingwe china pantchafu yanga yabwinoyo. Kumapeto ndinapanga diso lokola kuphazi, ndipo kuchokera pamene manja anga ankathera mpaka paphazi ndinamanga mfundo zisanu ndi ziwiri, zotalikirana ngati zala zitatu. Mfundo iliyonse inali ngati mudzi wa panjira. Amalume anandipatsa kansupa ka mafuta a nsatsi amene ankadzola m'manja akang'ambika ndi nsungwi.

Ndinapeza nthawi yake. Ndikangotha kusinja masana, thupi lili thukuta lokhalokha, ndiye kuti nsungwi yaviikidwa. Kuseri kwa munda wa nandolo kunali thanthwe limene dzuwa linkaliotcha tsiku lonse, ndiwo unali moto wanga wowambira. Ndinkakhala pamenepo, kupaka mafuta pachipsera ndi kuchisisita kufikira chitafewa, kukola chingwe, kugwira mfundo yoyamba. Ndinkakoka kufikira pamene mwendo wati tsii, osapitirira. Kukoka kulipo, kubaya kulipo, ndipo ndinaphunzira kuzisiyanitsa. Pokoka ndinkadikira. Pobaya ndinkabwerera m'mbuyo. Popeza ndinalibe chowerengera nthawi, ndinkaimba chamumtima ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, ndikamaliza n'kumasula, kupuma, kuyambiranso. Ndinazindikira ndekha kuti ndikabanika mpweya thupi linkauma, koma ndikautulutsa pang'onopang'ono linkandipatsako kadanga kakang'ono ngati chikhadabo.

Bondo nalo linali ndi mlandu wake. Ndinkakhala pamphepete pa thanthwe, mwendo n'kuusiya ulendewere, kulemera kwake komwe kuziupinda. Masiku oyamba unkangoti tasa m'malere ngati ndodo. Patapita nthawi unayamba kugwa pang'ono.

Musaganize kuti zinkayenda ngati kukwera makwerero. Mfundo yoyamba ndi yachiwiri zinabwera msanga, ndinayamba kudzitama. Yachitatu inandikana miyezi iwiri. Ndinayesa kuibera, kukhotetsa msana ngati mphaka ndi kutambasula khosi, n'kuigwira ndithu, koma madzulo ake msana unawawa ndipo mwendo sunasinthe kanthu. Amalume anandiona ndikuyenda chokhota, anati, "Wapinda pamene sipafunika. Taona mkulu wako uyo." Ankanena mwana wamkulu wa amayi aakulu amene ankasesa pabwalo. Ndinamuyang'anitsitsa. Msana wake unali wowongoka ngati thabwa, wapindika m'chiuno mokha. Ndinabwerera pamfundo yachiwiri n'kuyambiranso bwino, mchombo ukutsogola, mutu ukutsatira. Chiperoni chitabweranso, thanthwe linazizira, ndinataya mfundo imodzi yathunthu imene ndinali nditaipeza kale. Tsiku limenelo ndinalira. Ndinatukwana mwendo, ndinatukwana thobwa, ndinatukwana a Botomani ndi mimba yawo. Mawa lake ndinapitanso, nditafunditsa mwendo ndi nsanza yoviika m'madzi otentha.

Matekenya a phazi limenelo nthawi yonseyi ankandichotsa amalume, ndi kampeni kawo kosongoka. Lumbiro langa lija ndinali nditalimeza. Chala chimodzi chinali chitandiphunzitsa kuti kupempha si kugonja.

Ndili pamfundo yachinayi amayi aakulu anandipeza. Ankathyola nandolo, n'kungotulukira pathanthwe, dengu lili pamutu. Anaona chingwe, anaona mafuta. Anatula dengu.

"Bweretsa kuno."

"Ayi, amayi."

Aka kanali koyamba kuwayankha choncho.

"Wati chiyani?"

"Mukatentha ichi ndipota china. Khonje sanathe."

"Ukang'ambikanso adzakunyamula ndani? Machila aja ndi ako? Namunsi iwe, ukufuna kundipha ndi mtima?"

"Dzina langa ndine Estere," ndinatero. Kenaka ndinachita chimene ndinali ndisanaonetsepo munthu. Ndinatsetsereka pathanthwe, ndinagwira mwala ndi dzanja, n'kupinda bondo lija pang'onopang'ono kufikira litakhudza dothi. Sikunali kugwada kokongola, ndinali nditapendekera ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Koma mawondo onse awiri anali pansi. Ndinati, "Ndagwada, amayi. Ndikupempha musandilande chingwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anasenza dengu lawo, n'kunena akuchoka kuti, "Ukang'ambika usandiitane." Sanatchulenso za chingwe. Koma patapita masiku, mafuta a m'kansupa atatsala pang'ono kutha, ndinakapeza kali kodzaza mpaka kukhosi. Ndinathokoza amalume. Iwo anati, "Ine? Unandionapo ndikusinja nsatsi?"

Mfundo yachisanu ndi chiwiri ndinaifika nthawi ya masika, chimanga chikuuma. Pamene panatsala panali pang'ono, koma pang'ono pamenepo panandidyera milungu itatu. Tsiku lakelo panalibe chachilendo. Ndinapaka mafuta, ndinakoka, ndinaimba ndime yanga, ndinatulutsa mpweya, ndipo nsonga ya chala changa chapakati inakhudza kanthu kofunda, kokhakhala. Ndinadzidzimuka, ndinayesa buluzi. Chinali chala changa chachikulu cha kuphazi. Ndinachigwira ngati mmene umagwirira dzanja la m'bale amene wabwera kuchokera kutali.

Sindinauze munthu. Ndinadikira milungu ina iwiri kufikira nditayamba kugwira phazi lonse m'manja, nditakhala ndiponso nditaima. Kenaka tsiku lina ndinamva kayabwidwe kaja pansi pa chala chachiwiri. Ndinathyola munga, ndinapinda bondo, phazi n'kubwera pamiyendo panga. Ndinatsegula khungu pang'onopang'ono mozungulira, n'kulitulutsa thekenya lathunthu, losaphulika, loyera ngati kamkanda. Ndinaliika patsamba n'kupita nalo kwa amayi aakulu amene ankapeta pakhonde.

"N'chiyani chimenecho?"

"Chiweto changa. Ndachotsa ndekha."

Anayang'ana tsambalo, anayang'ana phazi. Anati, "Ndiye ukufuna ndikuphikire?" Koma lichero linali litaima m'manja mwawo. Kenaka anati, "Nsalu yako ya kutchalitchi ndichapa Loweruka. Usapite kusukulu ndi nsanzazo."

Lolemba ndinafika chitsulo chisanalire. Anzanga aja ndinayamba nawo anali atapita patsogolo makalasi awiri. Ine ndinakaima kumzere wa tiana, ndili wamtali ngati mlezi wawo. Kunong'onezana kunayamba: "Namunsi wabwera, Namunsi wabwera." A Botomani anatuluka ndi kandodo kawo, anandiona, anakweza nsidze. Anayamba dirilo.

"Manja m'mwamba! Manja m'mbali! Gwira zala, mawondo osapinda!"

Ndinawerama pamodzi ndi onse. Pabwalo panalibenso munthu woima kupatula a Botomani okha. Ndinaona nsapato zawo zikubwera, zinaima patsogolo panga. Anzanga anaweramuka, ine ndinakhalabe pomwepo, zala zili m'manja.

"Weramuka. Onetsa phazi."

Ndinalinyamula ndekha ndi dzanja, n'kuwaonetsa pansi pake. Analoza ndi kandodo. "Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Chachisanu chili kuti?"

"Chinatopa kudikira, aphunzitsi."

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zitatha bwino. Koma zaka ziwiri ndinali nditasunga funso limodzi, ndipo linatuluka lokha. Ndinati, "Aphunzitsi, inu sitinakuoneni mukugwira zanu. Tationetsani mmene amachitira."

Mwana wina anaphulika kuseka, ena onse n'kutsatira, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pakati pa a Botomani ndi zala zawo panali mimba ija. Nkhope yawo inada.

"Mwano! Tambasula dzanja!"

Atsikana ankatimenya m'manja. Anyamata ndiwo ankawauza kuti awerame agwire zala. Ine ndinaganiza za manja anga, kuti lero lomwe akufunika kugwira sileti. Ndinatembenuka, ndinawerama, ndinagwira zala zanga zonse zisanu ndi zinayi, n'kunena ndili chozondoka kuti, "Manja ali ndi ntchito, aphunzitsi. Menyani kuno."

Ndinadikira. Ndinkaona miyendo yawo pakati pa miyendo yanga. Nsalu inali itakwera pang'ono, ndipo ndikudziwa kuti chimene ankaona ndi chipsera chija, chonyezimira ndi mafuta a nsatsi, ndi mzere wa pamene chinang'ambika. Ndodo sinatsike. Ndinamva akutsokomola, kenaka anati, "Lowani nonse. Iwe Estere, ukakhale kutsogolo, uli ndi zambiri zoti uthamangire." Anandipatsa sileti ina, yathunthu. Ine ndinkafuna yanga yobenthuka ija, koma inali itasweka kalekale.

Ndinaphunzira mpaka Sitandade 3. Kupitirira pamenepo sikunatheke, ndinali nditakula, ndipo anthu anali atayamba kale kufunsira. Ndimawerenga Baibulo ndekha, ndimalemba kalata kwa bambo a ana akakhala kuntchito ku Limbe, ndipo amayi a pamudzi pano amabwera kuti ndiwawerengere zawo. Chipsera chilipobe, ndipo sichinaiwale khalidwe lake. Ndikangochilekerera milungu iwiri, monga ndinachitira nditabereka Lute, chimayamba kubweza malo amene ndinachilanda. Choncho masana ndikatha kusinja ndimakhala pakhonde, kupaka mafuta, kutambalitsa miyendo, kugwira zala ndi kuimba ndime yanga. Lute amakhala pambali panga n'kumatsanzira, iye mpaka mphuno imafika pamawondo, n'kumandiseka kuti ndine wochedwa.

Anthu amandinena kuti ndine mayi woleza mtima, kuti mwana akamalephera chinthu sindimukalipira. Amaganiza kuti ndinabadwa wofatsa. Ayi ndithu. Ndine wamakani lero monga ndinalili pathanthwe paja. Chimene ndinaphunzira n'chakuti makani ali pawiri. Alipo ofuna lichero lero, amene amang'amba chipsera ndi kubisa phazi m'nsanza. Alipo ena amene amabwera tsiku ndi tsiku ndi kansupa ka mafuta, kugwira pamene pakukoka, n'kudikira. Onse awiri amati "ayi" kwa anthu onena kuti chipsera sachiputa. Koma oyambawo anandidula chala, achiwiriwo anandibwezera kusukulu. Amene anandiuza kuti ndikhale mmene ndinalili ankandikonda, ena mwa iwo, koma analakwa, ndipo sindidzanena kuti sanalakwe pofuna kuwasangalatsa.

Tsono amake Filipo, yankho lanu ndi limeneli. Musandimvere chisoni, ndimafika paliponse pamene ndikufuna pathupi langa. Koma mukafuna kudziwa zimene zinapita, n'zowerengeka: zaka ziwiri za sukulu, sileti imodzi yobenthuka pangodya, zikhadabo ziwiri, ndi chala chimodzi.